Foni Ikayamba Kuitana Pakamwa Pasanakonzeke

Amayi amene amaimbira anthu ochedwa kubweza ngongole ku ofesi kwathu anandipempha chinthu chimene palibe anandipemphapo chiyambireni ntchito ya makompyuta. Ankafuna kuti kompyuta yawo izichedwa. "Achimwene," anatero atatsitsira mahedifoni m'khosi, "chinthu chanu chija chikuthamanga. Ndikangodina, munthu wayankha kale ine pakamwa ndisanakonze." Ndinaseka poyesa akucheza, koma iwo sanaseke. Anthu amabwera pa tebulo langa kudzadandaula kuti intaneti ikukwawa, pulinta yakana, fayilo ikutenga chaka kuti itseguke. Wodandaula kuti zinthu zayenda bwino mopyola muyeso anali asanabwerepo, ndipo mawu awowo andizunguza mutu kuposa mmene pulinta iliyonse inandizunguzirapo.

Chinthu changa chijacho n'chaching'ono. Tili ndi mndandanda wa anthu obwereka ndalama, alimi ndi ochita malonda ang'onoang'ono, umene timautsegula pa browser. Kale wogwira ntchito ankawerenga nambala pa sikirini n'kumaidina pa foni ya pa tebulo, diso kuno diso uko, ndipo nthawi zina 6 ankasanduka 9, n'kupezeka akukumbutsa ngongole munthu wosalakwa wa ku Karonga. Titaika seva ya Asterisk ndi pulogalamu yoimbira foni pa kompyuta iliyonse, ndinasandutsa nambala zonse za mumndandandamo kukhala malinki. Kuseri kwa nambala yabuluu yodulidwa mzere kunsi kuli timawu tochepa, tel: kenako nambalayo. Browser payokha siimba foni. Ikaona tel: imangotembenukira kwa Windows n'kufunsa kuti zoterezi mwini wake ndani, ndipo Windows imakayang'ana m'kaundula wake, registry, mmene mwalembedwa dzina la pulogalamu yoyenera kudzutsidwa, pambali pake pali kachizindikiro %1 kosungira malo nambala imene ikubwerayo. Pamalo pa pulogalamu yoimbira ndinalembapo kapulogalamu kanga, kuti kaziyamba ndi iko kulandira nambala, kuitsuka, kenako n'kuipereka kwa yoimbayo. Ndinachotsanso kafunso kamene browser imafunsa, koti kodi mukufunadi kutsegula pulogalamu ina. Mwakuti chala chikangogunda mausi, m'makutu mwayamba kale kulira.

Kutsukako ndiko ndinkanyadira, ndipo ndimanyadirabe. Chikalata chofotokoza kalembedwe ka tel:, RFC 3966, chimene Henning Schulzrinne analemba n'kutuluka mu Disembala 2004 kulowa m'malo mwa china cha mu 2000, chimafuna kuti nambala yomveka dziko lonse lapansi iziyamba ndi + kenako nambala ya dziko. Lamulo la E.164 la bungwe la ITU limati zonse pamodzi zisapitirire manambala 15. Pa pepala n'zapafupi. Koma mndandanda wathu unalembedwa ndi manja ambiri kwa zaka zambiri. Wina analemba 0999 n'kusiya mpata. Wina anayamba ndi 265 wopanda +. Wina anaika +265 n'kusunganso 0 wakutsogolo uja, amene amayenera kuchoka nambala ya dziko ikafika. Wina anapanikiza ya Airtel ndi ya TNM m'bokosi limodzi, 099 ndi 088, pakati n'kuikapo kamzere kopendekera. Muli za +27 za ana a obwereka amene ali ku Joni, omwe kawirikawiri ndiwo amabwezadi ngongoleyo, ndi za +258 za anthu a m'malire cha ku Dedza ndi Ntcheu amene amasunga simu ya ku Mozambique. Kapulogalamu kanga kanaphunzira zonsezi, chimodzichimodzi, mpaka kanafika poti nambala iliyonse, ngakhale yolembedwa mokhotakhota bwanji, imatuluka yowongoka. Lamulo lake lalikulu linali limodzi: chilichonse chimene si nambala, taya.

Ndiye ndinabwerera kukaona zimene kankatayazo. M'mabokosi omwe aja, pambuyo pa manambala, anthu analembamo mawu. "Ya aneba, imbani madzulo." "Ya mlamu wake." "Musaimbe Loweruka, amapemphera." "Amamva pang'ono, kwezani mawu." Chikalata cha 2004 chija chili ndi malo olembapo nambala ya chipinda cha mu ofesi, chili ndi malo ofotokozera dera limene nambala yaifupi imagwira ntchito, koma mulibe malo onenera kuti foniyi ndi ya aneba. Sindikuchinena, chinalembedwa kuti makina azimvana, ndipo amamvanadi. Kungoti chimaona nambala ngati njira yolunjika kwa munthu mmodzi, pamene kwa ambiri a makasitomala athu nambala imafikira pakhomo pa wina, ndipo kuchokera pamenepo mwana amatumidwa kuthamanga. Ukaimba pa foni ya aneba n'kuyamba ndi za ngongole osadziwa amene wayankha, dzuwa lisanalowe mudzi wonse wamva kuti uje walephera kubweza. Mawuwo sindinawafufute mumndandanda, analipobe pa sikirini, akuda, pambali pa nambala yabuluu. Koma diso limathamangira pabuluu, ndipo chala chimatsatira diso. Pamene amayi aja ankadina okha manambala 10, maso awo ankabwerera m'bokosimo kangapo kuti asalakwitse, ndipo pobwererabwererapo ankawerenga mawuwo ngakhale asakufuna.

Komabe nditawafunsa ngati vuto ndi mawu amenewo, anapukusa mutu. Ambiri mwa mawuwo analemba ndi iwo, amawadziwa pamtima. Chimene ankachita pa kanthawi kodina manambalako n'china. Ankasankha ngati ayambe ndi "bambo" kapena "agogo". Ankakumbukira kuti ulendo watha munthuyu ananena kuti mwana ali m'chipatala, ndiye asanatchule ndalama ayenera kufunsa za mwanayo. Ankakumbukira kuti uyu mwamuna wake anamwalira, sanamupepese, ndipo kuyamba ndi za chiwongoladzanja kungakhale kusaleredwa. Nthawi zina, atafika pa nambala ya chisanu ndi chiwiri, ankabweza foni pansi n'kunena mumtima kuti uyu ndimuimbira mawa. Foni yokumbutsa ngongole siyamba ndi ngongole. Imayamba ndi moni wautali, kufunsa za mvula, za kumunda, za ana, ndipo kutalika kwa moniyo kumapimidwa malinga ndi munthu. Sindikufuna kukometsa nkhani, pakuti tikunena za masekondi ochepa chabe, amene kwa ine anali nthawi yotayika yoyenera kudulidwa. Sindinaone kuti m'masekondiwo munkachitika ntchito, chifukwa ntchitoyo sinkaoneka pa sikirini iliyonse.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti ine ndemwe ndakhala zaka ndikulimbana ndi mapulogalamu odzisankhira zochita pa chala cha munthu. Pulogalamu iliyonse yolankhulirana ikalowa m'kompyuta imafuna kukhala mwini wa tel:, wa callto:, wa sip:. Tsiku lina m'mawa, pulogalamu ina ya misonkhano itadzikonzanso usiku, ofesi yonse inapeza kuti ukadina nambala pakutseguka windo lopempha dzina ndi pasiwedi, foni osaitana. Ndinapsa mtima ngati andibera. Mkangano umenewu ndi wakale. Malinki a callto: anayamba ndi NetMeeting ya Microsoft, kenako Skype, imene inabadwa mu 2003, inayamba kuwayankha. Skype sinalekere pomwepo. Inali ndi kachidutswa kolowa mu browser kamene kankasanthula tsamba lililonse kufunafuna chilichonse chooneka ngati nambala ya foni, n'kuchisandutsa batani lokhala ndi kambendera ka dziko. Kankasokoneza maonekedwe a masamba, ndipo anthu akakopera mawu kuchokera pamasamba oterowo ankatengera limodzi zinyalala zolembedwa begin_of_the_skype_highlighting, zimene zinamwazikana pa intaneti. Mu Januwale 2011 Mozilla inatsekereza kachidutswako mu Firefox chifukwa kanali m'gulu la zinthu zogwetsa browser yawo kwambiri. Ndipo kuyambira pa Windows 8, mu 2012, Microsoft inaika loko pa nkhani yonse yosankha pulogalamu: chisankho cha munthu chimasungidwa pa malo otchedwa UserChoice pamodzi ndi chidindo cha masamu, hash, ndipo pulogalamu ikalembapo dzina lake mwakachetechete popanda chidindo cholondola, Windows siimvera. Tanthauzo lake n'lomveka, kuti wosankha akhale munthu amene wakhala pa mpandoyo.

Lokoyo nditakumana naye koyamba ndinang'ung'udza, chifukwa ankatsekera inenso kunja. Koma woyang'anira makompyuta a pa ofesi anamusiyira khomo lakuseri. Umakonza kompyuta imodzi mmene ukufunira, n'kutulutsa zisankho zake m'fayilo ya XML pogwiritsa ntchito DISM, kenako n'kulamula kudzera mu Group Policy kuti makompyuta onse azitsatira fayiloyo munthu akamalowa. Ndinachita zimenezo, ndipo zinagwira. Pamenepo ndinkadziona ngati ndateteza anzanga kwa mapulogalamu olanda. N'zoonanso, ndinawateteza. Koma ndikaganiza bwino, loko anaikidwa kuti wokhala pa mpando asankhe, ine n'kudzera kuseri kukasankhira onse. Kusiyana kwa ine ndi pulogalamu ya misonkhano ija n'kwakuti ine ndimadya nawo nsima masana ndipo akhoza kundipeza pa tebulo langa. Mwina kusiyana kumeneko n'kokwanira. Masiku ena ndimakhulupirira choncho, masiku ena ayi.

Ngakhale kafunso ka browser kamene ndinachotsa kaja sikanangobwera. Mu Seputembala 2012, pa msonkhano wa Ekoparty ku Buenos Aires, katswiri wofufuza za chitetezo Ravi Borgaonkar anaonetsa kuti tsamba la pa intaneti likhoza kubisa linki ya tel: yokhala ndi nambala ya nyenyezi ndi hashi, ndipo mafoni ena a Samsung ankaiimba okha osafunsa, n'kufufuta zonse za m'foni kubwerera mmene inachokera ku fakitale. Kwa ife amene ndalama zathu zimayenda pa *211# ndi *444#, nkhani imeneyi si nthano ya kutali. Nambala yoyamba ndi nyenyezi sikuti ikuitana munthu, ikulamula makina. Choncho amene anaika kafunsoko anali ndi chifukwa: pakati pa kudina ndi kuimba payenera kukhala poima, pamene munthu aone chimene chikufuna kuchitika m'dzina lake. Ine ndinachotsa poimapo pa tsamba lathu lokha, limene ndimalidziwa, ndipo kapulogalamu kanga kamakana chilichonse chokhala ndi nyenyezi kapena hashi. Kumbali ya chitetezo sindikuona chimene ndinasiya. Kungoti akatswiri anaika poimapo poopa akuba, amayi aja ankapagwiritsa ntchito pokonzekera moni, ndipo ine pochotsa ndinayankha za akuba zokha.

Pali china chimene chimandichititsa kugwiritsitsa timapulogalamu tangati, mwina mopitirira. Kusintha pulogalamu ya eni ake kuti igwire ntchito mmene iwe ukufunira kuli ngati kukonza nyumba ya lendi: upaka penti, ukhoma mashelefu, ubzala mapapaya kuseri, koma tsiku limene mwini nyumba wafuna, usamuka n'kusiya zonse. Skype inali ndi khomo lolola mapulogalamu ena kuilamula pa kompyuta, ndipo anthu anamangapo zambiri kudzera mu Skype4COM ndi Skype4Py: zojambulira mawu, zoyankha zokha, zolumikiza mndandanda wa makasitomala ndi foni monga changachi. Microsoft itagula Skype mu 2011 pa mtengo wa madola 8.5 biliyoni, mu 2013 inalengeza kuti khomolo litsekedwa pakutha pa chakacho, ndipo anthu atadandaula inangosiyako mbali yojambulira mawu ndi yolumikizira zipangizo. Lync, pulogalamu yawo ya m'maofesi, inafika polola wolemba mapulogalamu kubisiratu nkhope yake yonse n'kuvekapo ina yopanga yekha, foni n'kumayendabe pansi pake. Mu 2015 Lync inasanduka Skype for Business, ya pa intaneti yake inatsekedwa pa 31 Julayi 2021, ndipo Skype yeniyeniyo inatsekedwa pa 5 Meyi 2025. Amene anathera miyezi akusema nkhope zawozawo pa mapulogalamu amenewa anayambiranso pa Teams, kapena anangosiya. N'chifukwa chake ine ndinasankha MicroSIP, kapulogalamu kopepuka kamene aliyense akhoza kuwerenga mmene kanalembedwera, kamasunga zisankho zake m'fayilo wamba yotseguka ndi Notepad, ndipo ukakapatsa nambala kamaimba osafunsa mbiri yako. Ndinkafuna pokhala pamene palibe angandisamutse. Sindinaganize kuti kwa anzanga a mu ofesi mwini nyumba tsopano ndi ine.

Zimene ndinachita n'zochepa. Kapulogalamu kaja tsopano kamayamba kayang'ana amene walowa pa kompyuta. Akakhala amayi aja, sikaimba. Kamatsegula kawindo kakang'ono kolembedwa dzina la munthu, mudzi wake, mawu onse amene kale kankataya, ndi batani limodzi lakuti Imbani. Akhoza kukhala akuliyang'ana mpaka tiyi atazizira. Anandiuza kuti zili bwinoko, koma si chimodzimodzi, chifukwa kale manja ankagwira ntchito mutu uli kwina, pamene tsopano amangokhala duu kuyang'ana batani, ndipo bwana akadutsa zimaoneka ngati akuwodzera. Pamenepa ndinasowa choyankha. Kudina manambala kunkabisa kuganiza kwawo. Kunkapatsa kuganizako maonekedwe a ntchito. Anyamata awiri amene amakhala nawo chipinda chimodzi ndinawafunsa ngati akufuna kawindoko, anakana ndisanamalize n'komwe. "Mdala, musatibwezere kumbuyo," anatero mmodzi. Iwowa anakula akudina mayina, osati manambala. Pa WhatsApp amatumiza malinki a wa.me otsatidwa ndi 265, wopanda + wopanda 0, ndipo kwa iwo kulemba nambala ndi chala n'chilango. Sindinganene kuti amalankhula mwamwano ndi makasitomala. Ndawamvapo, amapereka moni bwinobwino. Mwina amakonzekera pakamwa foni ikuitana, mwina usiku, mwina safuna kukonzekera. Sindingatenge chizolowezi cha munthu mmodzi n'kuchiyesa lamulo la chilengedwe, ngakhale mtima wanga ukukokera komweko.

Munthu amene sanafunsidwe ndi aliyense, ngakhale ndi ine, ndi wa kutsidya linalo. Browser imafunsa wodina, Windows imateteza chisankho cha wodina, ine ndinakonza kawindo ka wodina. Woimbiridwa amangomva foni ikulira. Kuimba kukakhala kovuta pang'ono, kuvutako kumamuteteza mosadziwa, chifukwa woimba amayamba wadzifunsa ngati n'koyeneradi. Kukakhala kwa chala chimodzi, mndandanda umatha msanga, ndipo ukatha umayambidwanso pamwamba. Mlimi amene ankaimbiridwa kamodzi tsopano akhoza kuimbiridwa kangapo pa nthawi yofanana, pa foni imene anakatchajitsa pa golosale n'kulipira, kapena pa foni ya aneba amene ayamba kutopa ndi kutuma mwana. Ngongole ndi ngongole, iyenera kubwezedwa, apo ayi wina sabwereka chaka chamawa, ndipo malipiro anga amachokera momwemo. Sindikunamizira kuti ndili kunja kwa zimenezi. Ndikungoona kuti chilichonse chimene ndinapeputsa kumbali yathu chinakagwera pena, ndipo seva yanga imalemba kutalika kwa foni iliyonse ndi nthawi imene inaimbidwa, koma ilibe polemba kuti woyankhayo anali pamaliro.

Bwana amawakonda malipoti a sevayo. Sabata yatha anandiitana n'kundionetsa mpata umene umakhalapo pakati pa kutha kwa foni ina ndi kuyamba kwa inzake. Anamva kwa mnzawo kuti makina akhoza kuimba okha nambala yotsatira wogwira ntchito akangomaliza, osadikira kuti adine. Anamva zoona. Asterisk ili ndi khomo lolamulira, AMI, ndipo lamulo lake la Originate limaimba foni ya wogwira ntchito, iye akayankha n'kumulumikiza ndi nambala imene waipatsa. Kuti lizitenga nambala mumndandanda mwathu motsatana ndi ntchito ya mizere yochepa, ndipo mbali yovuta, yotsuka manambala ija, ndinamaliza kale. Sipadzafunikanso tel:, kapena registry, kapena kukangana ndi pulogalamu iliyonse za mwini linki, pakuti linkiyo sidzakhalapo. "Ndiye mungapange liti, achimwene?" anafunsa. Ndinati, "Bwana, ndiyambe ndaona kaye ngati malaini athu angakwanitse." Malainiwo angakwanitse.